Udokotala wa Maphunziro pa Occupational Therapy: Mafunso ndi Mayankho kwa a ku Mangochi

Tsamba lino talembera ma rehab technician amene akulingalira zobwerera kusukulu, ma occupational therapist (ma OT mwachidule) amene ali ndi digiri yoyamba kapena masitazi, achinyamata amene angolemba MSCE, komanso makolo amene apemphedwa kugulitsa ng'ombe kapena boti chifukwa mwana akuti akukatenga udokotala kunja. Mwachidule, madigiri a udokotala pa ntchitoyi alipo amitundu ingapo, ndipo ena anapangidwira msika wa ntchito wa ku America, osati wa kuno. Imene ingapindulitse Mmalawi ndi PhD, koma phindu lake limaonekera m'kalasi ndi pa kafukufuku, osati pabedi la wodwala.

Kodi occupational therapy ndi fizo si chinthu chimodzi?

Kwa odwala ambiri n'chimodzi, poti onse amapezeka m'chipinda chomwecho ndipo gadiyani amangoti "tikupita ku fizo". Koma ntchito zake n'zosiyana. Wa fizo amalimbana kwambiri ndi mphamvu ya minofu, kupinda ndi kuwongoka kwa mfundo za thupi, kuima ndi kuyenda. OT amayamba ndi kufunsa zimene munthuyo amachita kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi zimene zikumukanika tsopano.

Mayi wa ku Namwera amene wafa mbali imodzi ndi sitiroko angathe kuyambanso kuyenda ndi ndodo, koma n'kumalephera kumanga chitenje, kugwira poto uku akuvundula nsima, kapena kunyonyomala pachimbudzi chokumba. OT amamuphunzitsa kuti povala bulauzi aziyamba ndi mkono wodwalawo, ndipo povula azimalizira nawo. Amanenepetsa chigwiriro cha supuni ndi mthiko pokulungapo labala wa chubu cha njinga, amalangiza abale kuzika mtengo wogwirira m'chimbudzi kapena kukhoma mpando wobowola pakati. Kwa msodzi wa ku Malembo amene anaduka mitsempha ya zala, cholinga ndi kusokanso ukonde. Kwa bambo wachikulire cholinga chingakhale kusamba yekha asanaswali. Ma OT amagwiranso ntchito ndi ana opuwala ubongo, ndiponso ndi odwala maganizo, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God.

Tikamati udokotala pa ntchitoyi tikunena digiri iti?

Pali mitundu itatu, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pa kuisakaniza.

Woyamba ndi OTD, kutanthauza udokotala wa occupational therapy, yoyambira ntchito. Munthu amene ali ndi digiri yoyamba ya phunziro lina, kaya biology kaya psychology, amalowa n'kuphunzira zaka pafupifupi zitatu. Mkati mwake muli masabata 24 ogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, kenako masabata 14 ochita pulojekiti yomalizira. Amatuluka ali ndi dzina la udokotala koma ali OT watsopano, amene sanaonepo wodwala payekha. Digiri imeneyi njofala ku America.

Wachiwiri ndi OTD ya amene ali kale pa ntchito. Imatenga chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo masukulu ambiri amaiphunzitsa pa intaneti. Mumaphunzira utsogoleri, kuwerenga ndi kuyeza zotsatira za kafukufuku wa anthu ena, n'kumaliza ndi pulojekiti ya pamalo anu a ntchito.

Wachitatu ndi PhD. Iyi ndi digiri ya kafukufuku. Mumasankha funso limene silinayankhidwe, mumasonkhanitsa umboni nokha, mumalemba buku lalikulu, ndipo akatswiri a m'mayunivesite ena amaliyeza. Woichita tsiku lonse amatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo woichita ali pa ntchito zimamutengera zambiri. PhD siikuphunzitsani kugwira wodwala ngakhale pang'ono. Imakuphunzitsani kufunsa funso bwino ndi kuliyankha mwa njira imene ena angaikhulupirire.

Nanga n'chifukwa chiyani ku America ambiri akutenga OTD?

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Kale digiri yoyamba inkakwanira, koma kuyambira 2007 aliyense wolowa ntchitoyi kumeneko amayenera kukhala ndi masitazi kapena kuposa apo. Anzawo a fizo anasamukiratu ku digiri ya udokotala yotchedwa DPT, ndipo ma OT ena anaona ngati atsalira. Mu 2017 bungwe la ACOTE, limene limavomereza masukulu a OT kumeneko, linalengeza kuti pofika 2027 khomo lolowera lidzakhala OTD basi. Ma OT ambiri anakana. Ankadandaula kuti ngongole za ophunzira zikwera pamene malipiro sakwera, kuti ana a m'mabanja osauka atsekeredwa kunja, komanso kuti aphunzitsi a udokotala sakukwanira. Mu 2019 lamulolo linachotsedwa, ndipo mpaka lero makomo alipo awiri, masitazi ndi OTD.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti onsewa amalemba mayeso amodzi a NBCOT, bungwe loyesa ma OT kumeneko, ndipo amalandira chilolezo chofanana. A inshuwalansi amalipira potengera chithandizo chimene chaperekedwa, osati digiri ya wopereka. Choncho ngakhale kwawo komweko anthu akukanganabe ngati chaka chowonjezeracho chili ndi phindu. Ndalama zake si zamasewera: m'masukulu ambiri amene si a boma fizi yokha ya zaka zitatuzo imapitirira madola 100,000.

Maiko ena sanatsatire njirayi. Ku South Africa munthu amaphunzira zaka zinayi, n'kugwira chaka chimodzi cha community service, chotumikira m'zipatala za boma, n'kukhala OT wathunthu wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo kumeneko. Ku England digiri yoyamba ya zaka zitatu imakwanira. Bungwe la ma OT la dziko lonse, WFOT, limene linakhazikitsidwa mu 1952, limafuna kuti wophunzira achite maola osachepera 1,000 ndi odwala. Silinena kuti akhale dokotala.

Kodi OT wa udokotala amathandiza wodwala bwino kuposa wa digiri yoyamba kapena dipuloma?

Digiri payokha ayi. Tiyeni titenge chitsanzo chimene chimabwera kawirikawiri m'zipatala za kuno: mwana wa matenda akugwa amene wagwera pamoto n'kupsa kuseri kwa dzanja.

Dzanja lopsa limafuna kudzipinda m'njira imene ululu uli wochepa. Mkono umagwera pansi, mfundo za pachiyambi pa zala zimakokekera m'mwamba, nsonga za zala zimapindikira mkati, chala chachikulu chimamatira kuchikhatho. Likachira lili choncho, khungu limakokana ndipo dzanjalo silidzagwiranso pensulo popanda opareshoni. Choteteza ndi splint, chomangira cholimba chogwira dzanja kuti lisapindike, yoikidwa m'masiku oyambirira. Mfundo ya mkono imaweramira m'mwamba madigiri 20 mpaka 30, mfundo za pachiyambi pa zala zimapindidwa madigiri 70 mpaka 90, mfundo zina za zala zimakhala zowongoka, ndipo chala chachikulu chimatalikira chikhatho kuti mpata wa pakati usatsekeke. Ngati pali pulasitiki ya thermoplastic, imafewetsedwa m'madzi otentha madigiri 60 mpaka 70, n'kuipukuta, n'kuiyesa pamkono wanu musanaiike pamwana. Ngati palibe, ndipo nthawi zambiri sipakhala, mumaumba ndi bandeji ya chikhakha yopindidwa ka 8 mpaka 10 pamwamba pa thonje. Madzi oviikamo asakhale otentha, chifukwa chikhakha chimatentha chokha pouma ndipo chingawotche khungu limene lavulala kale.

Tsono onani pamene zinthu zimalakwikira. Splint yoikidwa pamwamba pa bandeji yonenepa imatsetsereka, mfundo za pachiyambi pa zala n'kuwongoka, ndipo chimene mumapewa chija chimachitikira mkati mwa splint momwemo. Lamba womanga kwambiri amatupitsa zala. M'mphepete mwa splint mukapanda kusalazidwa mumadula khungu, n'chifukwa chake mumaivula pakatha mphindi 20 kapena 30 kuti muone: malo amene asintha mtundu ndipo sakubwerera pakapita mphindi ngati 20 ndiye kuti akupanikizika. Kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala nakonso kumaononga. Splint ya pulasitiki yoyanikidwa padenga la malata kapena yosiyidwa pafupi ndi mbaula imafewa n'kusintha maonekedwe. Ndipo cholakwika chachikulu pa zonse ndi gadiyani amene sanamvetse. Agogo amene amalankhula Chiyao chokha, atauzidwa m'Chichewa cha mothamanga, amafika kwawo ku Katuli n'kuivula mwana akalira, osaibwezeranso.

Pa zonsezi palibe chimene chimaphunzitsidwa mu PhD. Zimabwera ndi manja amene aumba ma splint ambiri pansi pa munthu wodziwa. Rehab technician amene wakhala zaka zambiri mu wodi ya ana angapose patali munthu wa OTD amene wangotsika ndege. Chimene maphunziro apamwamba amawonjezera ndi luso loyeza umboni, kudziwa ngati njira inayake yofala imathandizadi kapena ndi chizolowezi chabe. Limenelo ndi luso lenileni, koma masitazi yabwino imalipereka kale.

Kodi malipiro anga m'boma adzakwera ndikabwera ndi udokotala?

Osati okha. M'boma malipiro amatsata giredi ya udindo umene muli, osati mapepala amene muli nawo m'sutikesi. Wa dipuloma amalowera pa giredi K, wa digiri pa giredi I. Kuchokera apo, kukwera kumadalira kuti pampando wapamwamba pali malo, malowo alengezedwa, ndipo mwapambana intavyu. Mukabwera ndi PhD koma pa khonsolo palibe udindo wa OT wamkulu, mudzabwerera pa desiki yomwe munasiya, ndi malipiro omwewo.

Kwa munthu wa dipuloma, sitepe imene imasintha ndalama za kumapeto kwa mwezi ndi digiri yoyamba. Kuganiza za udokotala musanafike pamenepo kuli ngati kugula injini musanakhale ndi boti.

Kumene PhD imasinthadi malipiro ndi ku yunivesite, kumene kawirikawiri masitazi imakulowetsani ngati lekichala koma kukwera kufika pa maudindo a uprofesa kumafuna PhD ndi mapepala ofalitsidwa m'magazini a sayansi. Imathandizanso m'mabungwe a kafukufuku, ndi pa ntchito za ukatswiri zimene mabungwe akunja amalipira patsiku.

Ndiye kuti ndidzatha kulemba mankhwala, ndi kumatchedwa Dr?

Kulemba mankhwala ayi. Zimene mumaloledwa kuchita zimachokera pa kaundula amene mwalembedwamo ku Medical Council of Malawi, ndipo OT wa PhD amakhala m'kaundula wa ma OT monga anzake onse. Dzina la Dr ndi lanu ngati digiriyo njovomerezeka. Koma m'chipatala chenjerani nalo. Kuno aliyense wovala gauni yoyera ndi adokotala kale, ndiye gadiyani akaona Dr pabaji yanu adzakufunsani ngati achepetse mankhwala a khunyu chifukwa mwana akugona kwambiri. Funso limenelo ndi la kiliniko ofesala kapena dokotala wa mankhwala, ndipo muyenera kumuperekeza komweko. Pabaji ndi pa chidindo lembani dzina la ntchito yanu momveka.

Ngati zili choncho, PhD ili ndi phindu lanji kwa ife?

Lilipo, ndipo ndi lalikulu, kungoti silili pamene anthu ambiri amalifuna.

Choyamba ndi kuphunzitsa. Ma OT ambiri a m'dziko muno anaphunzira kunja, monga ku KCMC ku Moshi ku Tanzania, ndipo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kufunika kwawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali wamtundu wina, ndipo boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Dziko silingadalire kutumiza ana kunja mpaka kalekale. Koma kuti yunivesite iphunzitse masitazi, pafunika aphunzitsi a PhD oyang'anira kafukufuku wa ophunzirawo. Popanda iwo, ntchitoyi imaima pa digiri yoyamba, ndipo aliyense wofuna kupitiriza amayenera kuchoka.

Chachiwiri ndi zida zoyezera zimene zikugwirizana ndi moyo wa kuno. Mafomu ambiri amene OT amagwiritsa ntchito analembedwa kwa anthu okwera masitepe, osamba m'bafa la mpope ndi odya ndi foloko. Mukawagwiritsa ntchito ku Lungwena, mwana wabwinobwino amaoneka ngati wotsalira chifukwa choti sanaonepo chinthu chimene mwamupatsa. Vuto limeneli ndi limene linabala Malawi Developmental Assessment Tool, imene ambiri amangoti MDAT, yofalitsidwa mu 2010 ndi Melissa Gladstone ndi anzake. Ili ndi zoyeza 136 m'magawo anayi: kuyenda ndi mphamvu za thupi, luso la zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Lero ikugwiritsidwa ntchito ngakhale kunja kwa Malawi. Ntchito yotere ndi imene munthu wophunzitsidwa kafukufuku amatha, ndipo ku mbali ya OT mipata idakali yambiri. Mwachitsanzo fomu yoyezera yotchedwa COPM, imene wodwala amatchula yekha ntchito zomukanika n'kudzipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, imavuta kwa munthu amene sanazolowere kuyeza zinthu ndi manambala. Kuipezera njira yomveka m'Chiyao ndi m'Chichewa, n'kutsimikiza kuti ikuyezabe chimene inapangidwira, ndi PhD yathunthu.

Chachitatu ndi mpando pa tebulo la mfundo. Pamene unduna ukugawa maudindo kapena kusankha zipangizo zogula, amamvera amene wabwera ndi ziwerengero. WHO inakhazikitsa Rehabilitation 2030 mu 2017, ndipo mu 2023 msonkhano waukulu wa bungweli unavomereza chigamulo cholimbikitsa maiko kuika chithandizo chotere m'ntchito za umoyo za tsiku ndi tsiku. Khomo latseguka, koma wolowa ayenera kukhala ndi umboni wa kuno: ndi ana angati amene amatsala ndi vuto atachira malungo a m'bongo, ndi angati amene amabweranso ku kiliniki, ndipo amene sabwera amalepheretsedwa ndi chiyani.

Njira yake njotani kuchokera pamene ndili?

Ngati mwangolemba MSCE, limbikirani biology, physics, chemistry, masamu ndi Chingerezi, ndipo werengani bwino mndandanda wa maphunziro umene NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imatulutsa posankha ophunzira a m'mayunivesite a boma. Maphunziro a rehabilitation a digiri ali ku KUHeS, yunivesite imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ma rehab technician amaphunzira dipuloma ku Kachere mumzinda wa Blantyre.

Mukakhala ndi digiri yoyamba, lembetsani ku Medical Council ndipo gwirani ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Musadumphe gawo limeneli. Funso labwino la kafukufuku limachokera m'buku la kaundula la ku dipatimenti, pamene mwaona nokha kuti odwala sitiroko a ku Makanjira amabwera kamodzi n'kusowa. Kenako masitazi, ndipo sankhani imene ili ndi gawo lalikulu la kafukufuku, chifukwa mayunivesite ambiri salandira ku PhD munthu amene masitazi yake inali ya makalasi okhaokha. Yesetsani kufalitsa pepala limodzi kuchokera mu masitaziyo. Mukatero lembani ndondomeko yachidule ya masamba awiri kapena atatu, yonena funso, chifukwa chake, ndi njira, n'kuitumiza kwa munthu amene mukufuna kuti akuyang'anireni. Pa PhD mumayamba mwapeza munthu, fomu ya yunivesite imabwera pambuyo.

Ngati muli m'boma, tchuthi cha maphunziro chipempheni mwalamulo musananyamuke, ndipo werengani mgwirizano wake, chifukwa umakumangani kudzagwiranso ntchito kwa nthawi yoikika mukabwerako.

Kodi PhD-yo iyenera kukhala ya occupational therapy yeniyeni?

Ayi. PhD ya public health, ya rehabilitation kapena ya disability studies imatsegula makomo omwewo, nthawi zina ochulukirapo, bola funso lanu likhale la ntchito yanu. Amene akufuna ya OT yeniyeni pafupi ndi kuno angayang'ane ku University of Cape Town, Stellenbosch, Wits kapena KwaZulu-Natal. Ubwino wa ku South Africa ndi woti aphunzitsi ake amadziwa kugwira ntchito m'midzi mopanda zipangizo, ndipo mungathe kusonkhanitsa umboni wanu kuno n'kumapita uko pa nthawi zoikika.

Ndalama zimachokera kuti?

Lamulo lathu ndi lakuti PhD musailipire ndi ndalama za banja. Ngati funso lanu ndi labwino, pali amene angalilipire, ndipo ngati aliyense akukana, bwererani mukalikonze funsolo.

Commonwealth Scholarship imapereka PhD ya zaka zitatu ku UK, komanso ili ndi njira ina imene mumalembetsa ku yunivesite ya kwanu n'kukakhala ku UK miyezi 12 yokha. CARTA, gulu la mayunivesite a mu Africa lophunzitsa kafukufuku, imathandiza anthu amene ali kale pa ntchito m'mayunivesite a m'gulu lake, choncho njothandiza kwa amene alowa kale uphunzitsi. Canon Collins Trust imathandiza ofuna kuphunzira ku South Africa. Chevening ndi ya masitazi ya chaka chimodzi yokha, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mumabwerera kwanu. Beit Trust nayonso imathandiza Amalawi pa masitazi. Njira ina, imene ambiri saiganizira, ndi kulowa m'pulojekiti ya kafukufuku imene ili kale ndi ndalama, monga za ku Malawi-Liverpool-Wellcome kapena za KUHeS, imene ili ndi nthambi yake ku Mangochi konkuno.

Polandira thandizo funsani mafunso awiri. Kodi ndalamazo zikuphatikiza ntchito ya m'midzi, kutanthauza mafuta, omasulira ndi othandizira kufunsa mafunso? Nanga zikatha zaka zitatu musanamalize, chaka chachinayi alipira ndani?

N'chiyani chimagwetsa anthu pakati pa ulendo?

Kawirikawiri si nzeru. Woyang'anira amene ali ndi ophunzira ambiri amasunga chaputala chanu miyezi itatu osachiwerenga, ndiye musanamusankhe lankhulani ndi amene anawayang'anirapo. Chilolezo cha kafukufuku chimatenga nthawi kuposa mmene mumaganizira: mumafunika cha ku yunivesite yanu, cha kuno kuchokera ku makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, COMREC kapena NHSRC, kenako kalata ya ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lino, ndipo simungafunse munthu ngakhale mmodzi zonsezi zisanatuluke. Fomu yopempha chilolezo cha wodwala iyenera kukhala m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi malo odinda chala ndi mboni kwa amene salemba.

Kumasulira mafunso nako kumanyozedwa. Njira yoyenera ndi yakuti anthu awiri amasulire payekhapayekha, mugwirizanitse, munthu wachitatu amene sanaone choyambirira abwezere ku Chingerezi, kenako muyese pa anthu ochepa a m'mudzi n'kuwafunsa kuti amva chiyani. Wodumpha izi amazindikira ali kale pa kuwerengera kuti funso lake lina anthu ankaliyankha mosiyana ndi mmene ankaganizira, ndipo nthawi yobwerera palibe.

Kenako kalendala. Msewu wa ku Makanjira m'nyengo ya mvula suchedwa kuduka. Asodzi amasamuka kutsatira nsomba, ndiye munthu amene munamuyeza ku Msaka mu Meyi mwina simum'pezanso mu Ogasiti. M'mwezi wa Ramadan simungayeze bwino kudya kapena kumeza masana, ndipo misonkhano ya Lachisanu masana siyenda. Lembani manambala a foni awiri pa munthu aliyense, dzina la mfumu ya m'mudzi ndi la HSA wa deralo, ndipo powerengera anthu ofunika onjezerani ena podziwa kuti ena adzasowa. Zolemba zanu zisungeni malo atatu. Laputopu imabedwa, ndipo magetsi akabwera mwamphamvu amaiotcha.

Pa intaneti pali masukulu olonjeza udokotala m'chaka chimodzi. Ndi oona?

Ena ndi oona, monga ma OTD a anthu ogwira kale ntchito ochokera m'mayunivesite odziwika. Ambiri ndi ogulitsa mapepala. Musanalipire kalikonse, lemberani NCHE kuti akuuzeni ngati sukuluyo ndi digiriyo angazivomereze, chifukwa ndi iwo amene amayeza mapepala akunja. Ngati ndi maphunziro oyambira ntchito, onani ngati ali pa mndandanda wa WFOT, ndipo funsaninso ku Medical Council. Zizindikiro za chinyengo n'zodziwika: amakulandirani tsiku lomwelo, sakufunsani za masitazi, akuti zaka zimene mwagwira ntchito zikukwanira, satchula amene adzayeze buku lanu, ndipo fizi imatsika mukazengereza. Udokotala waulemu umene mabungwe ena amapereka pa mwambo wa tsiku limodzi si digiri ya maphunziro, ndipo sungakulowetseni ntchito ya uphunzitsi.

Ngakhale OTD ya pa intaneti ikhale yoona, funsani kaye yunivesite imene mukufuna kudzaphunzitsako ngati imaiwerengera mofanana ndi PhD pokweza aphunzitsi. Si onse amene amatero.

Nanga ngati cholinga changa ndi kukagwira ntchito kunja?

Udokotala si umene adzafunse. Ku UK bungwe la HCPC, lolembetsa ma OT kumeneko, limayang'ana maphunziro anu oyambira ntchito, zimene mwagwirapo, ndi Chingerezi, chimene pa mayeso a IELTS chimafunika 7.0 popanda gawo lotsika pa 6.5. Ku America, kuti mulembe mayeso a NBCOT, maphunziro anu a OT ayenera kuyezedwa kuti akufanana ndi masitazi ya kumeneko. PhD ya public health siingalowe m'malo mwa zimenezi.

Sindikufuna uphunzitsi kapena kafukufuku, ndikungofuna kuthandiza odwala bwino. Ndiphunzire chiyani?

Yambani ndi njinga za anthu aulumali. WHO ili ndi maphunziro ake oyambira a masiku asanu, ndi ena apakati okhudza ana ndi akulu amene satha kukhala tsonga okha. Amaphunzitsa masitepe asanu ndi atatu, kuyambira kulandira wodwala, kumuyeza, kusankha njinga, kuipeza, kuikonza, kumukhazikamo, kumuphunzitsa, mpaka kumuyendera. Kufunika kwake mumakuona m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mmene njinga zamphatso za timatayala ting'onoting'ono kutsogolo zimatitimira mumchenga n'kukhala poyanikira zovala, pamene ya matayala atatu ikanadutsa. Njinga yotakata kwambiri imapendeketsa msana wa mwana, ndipo yopanda khushoni yoyenera imabweretsa zilonda za pamatako kwa munthu wovulala msana, zilonda zimene zingathe kumupha.

Phunziraninso kupanga mipando ya ana opuwala ubongo ndi makatoni, mapepala ndi phala la ufa, luso limene limatchedwa APT. Mpando wotere umayenera kuuma bwinobwino usanapakidwe vanishi, apo ayi umachita nkhungu mkati ndipo chiswe ndi mbewa zimaudya. Pemphani kukakhala masabata angapo ku wodi ya opsa ndi moto ya ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Kachere, kapena ku Beit CURE kuti muone ma splint ndi chisamaliro cha pambuyo pa opareshoni. Lowani m'bungwe la ma OT la dziko lino, OTAM, kuti muzimva za maphunziro afupiafupi akamabwera. Ndipo ngati munachokera ku Mzimba kapena ku Dedza ndipo mwatumizidwa ku Mangochi, pezani munthu wokuphunzitsani Chiyao madzulo. Yambani ndi mayina a ziwalo za thupi, mawu ofunsira ululu, ndi malangizo asanu amene mumapereka kwa gadiyani tsiku lililonse, mpaka muzitha kuwanena popanda womasulira.